Mafizo a munthu amene alibe nthawi

"Achimwene, nthawi mumaipeza kuti?" Funso limeneli landipeza kuofesi, landipeza kutchalitchi, ndipo mwezi watha wina anandikokera pambali pamaliro ku Machinjiri, anthu ali pakati poimba, kuti andifunse zomwezo. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Wofunsa ndizingomutumizira izi.

Ine si dokotala, si kochi. Ndimakhala ku Bangwe, ntchito ndimagwira m'tauni ya Blantyre, ana ndili nawo atatu. Ndimanyamuka pakhomo nkhuku zikungotsika, ndimabwerako kutada. Zaka zinayi zapitazo ndinaperekeza mayi akunyumba kuchipatala, ndipo podikira pamzere ndinangoti nanenso andiyezeko BP. Namwino anayeza, nkumasula, nkuyezanso. Kenako anati, "Bambo, mutu sukukupwetekani?" Sunkapweteka ngakhale pang'ono. Kamakina kanali kataonetsa 154/96. Mafizo anga anayambira pamenepo. Sindinawayambe chifukwa chowakonda ayi, anali mantha.

Mawu oti mafizo ndikutanthauza chilichonse chomwe mumachita dala kuti thupi ligwire ntchito: kuyenda ndawala, kuthamanga, kulumpha chingwe, kunyamula zolemera. Pa wailesi amati masewera olimbitsa thupi, ena amati majowajowa. Jimu ndi nyumba ya zitsulo ija yolipira pamwezi. M'malangizo ano simuifuna.

1. Yambani mwakayezetsa BP ndi shuga

Ambiri amafuna kudumpha apa chifukwa akudzimva bwinobwino. BP sichenjeza. Munthu amatha kuyenda nayo zaka zambiri osamva kanthu, kudzadziwira pa sitiroko. Kafukufuku wa STEPS yemwe anachitika kuno ku Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Kuyeza sikutenga mphindi zisanu. Manambala akamafika 140/90 kapena kupitirira, makamaka mutayezetsa masiku osiyana, lankhulani ndi achipatala musanayambe zothamanga.

Ngati mumamwa kale mankhwala a BP, musawasiye poti mwayamba mafizo. Ndaonapo anthu akuchita zimenezi atangoyenda milungu iwiri. Wochepetsa mankhwala ndi dokotala amene anakupatsani. A shuga omwe amabaya jakisoni kapena kumwa mapiritsi azinyamula maswiti m'thumba poyenda, chifukwa shuga amatha kutsika mwadzidzidzi, munthu nkuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta lozizira. Amayi oyembekezera ndi omwe angochira kumene afunse kusikelo.

Ndipo tsiku lililonse, kaya mwazolowera chotani: pachifuwa pakathina kapena kupweteka, chizungulire chikakugwirani, kapena befu likakhala losiyana ndi la masiku onse, imani pomwepo mupite kuchipatala. Zimenezo si zopirira.

2. Dziwani muyezo wake

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita mafizo apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena amphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, kuphatikizapo zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri. Mphindi 150 zikumveka zambiri, koma gawani ndi masiku asanu a ntchito: ndi mphindi 30 patsiku. Gawaninso pawiri, 15 m'mawa, 15 madzulo. Zodukizadukiza zimawerengedwa ndithu, sikuti mpaka muchite zonse nthawi imodzi.

Nanga "apakatikati" mungawadziwe bwanji opanda wotchi yodula ija? Yesani kuimba. Ngati mukuyenda nkumatha kukoka nyimbo ya kwaya mpaka kumapeto, mukungowongola miyendo. Ngati mukutha kucheza ndi mnzanu koma nyimbo ikukanika, ndiye pomwepo. Ngati mawu akutuluka awiriawiri, mwalowa m'gulu la amphamvu. Kuyenda kwa apakatikati ndi kuja mumayenda mukachedwa kumapemphero koma simukufuna kuti anthu aone kuti mukuthamanga.

Mlungu woyamba musalimbane ndi 150. Chitani theka lake. Cholakwika chomwe ndachiona kambirimbiri ndi cha pa 2 Januwale: munthu wazaka 45, mpira anasewera komaliza ali Fomu 4, wagula tirakisuti, wathamanga kuchokera ku Chichiri mpaka ku Limbe. Lachitatu akukanika kutsika masitepe, Lachisanu tirakisuti yasanduka yogonera. Paja kuthamanga sikufika.

3. Musasake nthawi yatsopano, gwiritsani ntchito yomwe ikutayika kale

Nthawi yapadera ya mafizo simudzaipeza, ndipo dzuwa lathu silithandiza. Mu Juni ndi Julayi limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, nthawi yomwe ambirife tikungotuluka muofesi kapena tili pamzere wa minibasi. Ngakhale mu Disembala, ikamakwana 6:30 kunja kwada. Ndiye malangizo akunja aja oti muzithamanga mukaweruka, kuno akutanthauza kuthamanga mumdima, m'mphepete mwa msewu wopanda magetsi, njinga zamoto za kabaza zikukudutsani m'khwapa. Ine ndinayesa kawiri, kachiwiriko ndinagwera m'ngalande.

Chomwe chinandithandiza ndi ichi. Ndinatenga pepala nkulemba tsiku langa lonse, kuyambira podzuka mpaka pogona, nkumayang'ana pomwe ndimangokhala kudikira. Ndinapeza kuti m'mawa uliwonse minibasi yathu imakwawa pa Chipembere Highway, makamaka tikamayandikira m'tauni, moti oyenda pansi amatipitirira ife tili phee pawindo. Ndinayamba kutsikira pa Ginnery Corner nkumaliza ulendo wapansi. Zimanditengera mphindi ngati 25, ndipo masiku ena ndimafika limodzi ndi minibasi yomwe ndatsikayo. Kondakitala poyamba ankaganiza kuti ndalama yandiperewera. Pano akangondiona amamenya yekha chitseko, "Atsike adala a mafizo!"

Inu pezani panu. Wa ku Lilongwe amene amasintha minibasi kudepoti atha kuyenda gawo limodzi la ulendowo, kapena kutsika masiteji awiri asanafike. Wa galimoto aimike patali, kapena azifika kuntchito mphindi 20 nthawi isanakwane, zomwe zimamupulumutsanso ku mzere wa magalimoto, nkuzungulira kaye asanalowe. Nthawi ya nkhomaliro ndi ola lathunthu, koma kudya kwenikweni kumatenga mphindi 20, zotsalazo zimathera pa foni. Ngati nyumba yanu ya ntchito ili ndi masitepe, chikepe chisiyireni onyamula katundu. Woperekeza ana kusukulu, pobwerera ali yekha, ndiye nthawi yake yoponya mwendo.

Chinsinsi chake nchakuti mafizowo mwawamangirira ku chinthu chomwe mumachita kale tsiku ndi tsiku. Kupita kuntchito simuiwala, ndiye kuyendako simungaiwalenso. Zodzuka 4 koloko m'bandakucha zimatheka kwa ena, koma ngati mumagona 11 koloko, mukungoba tulo, ndipo tulo tosakwanira timakwezanso BP yomwe mukuithawayo.

Kwa amene ntchito yawo ndi yamphamvu kale, opalasa kabaza wa njinga yakapalasa, osenza katundu mumsika, olima, otunga madzi kutali, mphindi 150 mumazipitirira Lachiwiri lisanathe. Inu musavutike ndi gawo lino, onani gawo 5 pa za msana. Koma ogulitsa m'shopu, osoka pamakina, oyendetsa galimoto ndi alonda, musanamizidwe ndi kutopa. Kutopa ndi kukhala kapena kuimirira malo amodzi si mafizo. Pakatha mphindi 30 kapena ola, dzukani muyendeko ngakhale mphindi ziwiri.

4. Nsapato ndi thukuta

Nsapato zofewa kupansi, zosathina ku zala, za pakaunjika zimakwana. Kayeseni madzulo mapazi atatupako, mutavala sokosi. Zakuofesi zisiyeni pansi pa tebulo kuntchito, muzisinthira komweko. M'chikwama muzikhala kathaulo ndi botolo la madzi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala onjezani malaya ena, apo ayi mulowa mumsonkhano msana uli chonyowa. Mukamayenda m'mbali mwa msewu, yendani moyang'anizana ndi magalimoto akubwera, ndipo foni ikhale m'thumba.

Zovala majekete awiri kapena kudzikulunga pulasitiki pamimba kuti mutuluke thukuta lambiri, zisiyeni. Thukuta ndi madzi, si mafuta. Mukamwa kapu ziwiri sikelo ibwerera pomwe inali, mwangodzipatsa chizungulire chaulere.

5. Masiku awiri a minofu, pakhomo pomwepo

Kuyenda kumathandiza mtima, koma minofu imafuna katundu. Munthu akamakula minofu imachepa yokha ngati siikugwira ntchito, ndipo ndi minofu yomweyo imene imathandiza kuchotsa shuga m'magazi ndi kuchirikiza msana ndi mawondo. Zitsulo simukuzifuna. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kachigubu ka mafuta ophikira ka malita 5 mukakadzaza madzi ndi chitsulo cha makilogalamu 5, ndipo chigubu chachikulu cha malita 20 chomwe mumasungira madzi mipopi ikauma ndi makilogalamu 20.

Ine ndimachita Lachiwiri ndi Lachisanu, madzi osamba ali pambaula. Madzi akamatentha ndimakhala ndamaliza. Zochita zake ndi zinayi.

Choyamba, kukhala ndi kudzuka pampando osagwira kanthu. Mapazi atalikirane ngati mapewa anu, matako apite kumbuyo ngati mukufuna kukhala pampando wa eni ake, angokhudza pang'ono nkudzukanso. Zidendene zisanyamuke, mawondo asagwere m'kati. Zikayamba kupepuka, kumbatirani kachigubu pachifuwa.

Chachiwiri, mapushapu. Ngati apansi akukanika, yambirani pakhoma, kenako patebulo lolimba kapena pakhonde, mudzafike pansi patapita milungu. Thupi likhale lowongoka ngati thabwa. Khumi abwino patebulo amaposa makumi awiri apansi omwe mutu wokha ndiwo ukugwedera ngati gulo.

Chachitatu, kukoka. Dzanja limodzi litsamire pampando, msana uli wowongoka, linalo likoke chigubu kuchokera pansi kufika m'chiuno, chigongono chikudutsa pafupi ndi nthiti. Ichi ndi cha ife okhalira kuwerama pa kompyuta ndi pamakina osokera.

Chachinayi, gonani chagada pamphasa, pindani mawondo, nyamulani chiuno m'mwamba, werengani kufika pa 3, tsitsani. Chimalimbitsa matako ndi m'munsi mwa msana. Osenza katundu, ichi ndi chanu, pamodzi ndi chizolowezi chonjuta ponyamula chinthu pansi m'malo mopinda msana.

Chilichonse chitani ka 10 kapena ka 12, pumani pang'ono, pitani pa chinzake. Mukamaliza zinayi zonse, imeneyo ndi raundi imodzi. Yambani ndi imodzi, mlungu wachitatu ziwiri, kenako zitatu. Musamagwire mpweya pokankha, makamaka a BP: tulutsani mpweya pomwe pakulemerapo.

Mawa lake, makamaka mkuja, ntchafu ziphwanya ngati munthu wamenyedwa. Si malungo, zimatha pakadutsa masiku awiri kapena atatu, ndipo kuyenda pang'ono kumathandiza kuposa kugona. Ululu wobaya m'kati mwa bondo kapena phewa ndi nkhani ina, umenewo siyani chomwe chikuuyambitsacho.

Mwaona kuti sindinatchule masitapu, aja ogona chagada nkumadzuka kukhala tsonga. Amuna ambiri amandifunsa za kuchotsa mimba, ndipo amafuna ndiwauze kuti azichita masitapu 100 usiku uliwonse. Mafuta sachoka pamalo pomwe mukupindapo. Amachoka thupi lonse pang'onopang'ono, ndipo kwa ambirife pamimba ndi pomwe amatsanzika komaliza.

6. Konzani za pakhomo ndi za pakamwa pa anthu

Ngati muli pabanja, musangoyamba mwakachetechete. Bambo amene wayamba kufika mochedwa ndi malaya osintha m'chikwama adziputira mlandu wosafunika. Nenani chomwe mwayamba ndi chifukwa chake, muonetseni mnzanuyo manambala a BP aja.

Kwa amayi nkhaniyi ndi yolemera kuposa pamenepa. Mlongo wanga ndi mphunzitsi, akaweruka amapeza mbale, ana, ndiwo zosaphika, ndi makope oti achonge. Mphindi 30 zakezake sizingapezeke pokhapokha wina atanyamulako china. Anachita kukhala pansi ndi alamu anga nkugwirizana kuti Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka m'mawa phala la ana aphika ndi iwo. Azibambo amene mukuwerenga izi, ngati mukufuna mayi akunyumba akhale ndi moyo wautali, thandizo lake ndi limenelo, osati kuwagulira tirakisuti. Mlongo wangayo amayenda ndi anzake awiri a mumpingo kuzungulira bwalo la sukulu kukangoyera, atavala zitenje zawo pamwamba pa mathalauza. Kuyenda pagulu kumateteza, komanso kumatseka pakamwa anthu.

Pakuti anthu adzalankhula. Kwathu kuno kunenepa timakuyesa chizindikiro cha mtendere, mimba ndi ya mabwana. Mukayamba kuyenda pansi adzati galimoto yagwidwa ndi ngongole. Mukatsikako thupi, azakhali adzakuitanirani kuseri nkufunsa motsitsa mawu, "Mwana wanga, ukudwala? Usabise." Ine amayi anga anafika pofunsa mkazi wanga ngati akundiphikira. Musakwiye, akufunsa chifukwa chokukondani ndiponso chifukwa cha zomwe maso awo anaona zaka za m'mbuyomu. Khalani ndi yankho limodzi lalifupi. Langa ndi lakuti, "Adokotala anati BP." Palibe amene amatsutsana nalo, ambiri amayamba kufotokoza za BP yawo.

7. Kubwerera mutadukiza

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndi pomwe malangizo ambiri amangodutsa ngati palibe. Kuyamba aliyense amayamba. Amene mukuwaona akupitiriza si kuti sanasiyepo. Anasiyapo kangapo, koma amadziwa njira yobwererera.

Mudzadukiza ndithu, musakayike. Kudzagwa maliro kumudzi, mudzapita Lachitatu nkubwerako Lamlungu mutagona pamphasa masiku anayi. Mwana adzagonekedwa m'chipatala. Kumapeto kwa mwezi abwana adzafuna malipoti usiku. Mvula ya Januwale idzagwa mlungu wathunthu, njira yanu nkusanduka matope. Chiperoni chidzakuta Blantyre mu Julayi, bulangete nkumakoma kuposa china chilichonse. Disembala yense ndi maukwati ndi zinkhoswe. Zonsezi si ulesi, ndi moyo wathu mmene ulili.

Chomwe chimapha mafizo si masiku mwaphonyawo, koma zomwe mumadziuza pambuyo pake. Zimayenda motere. Mwaphonya masiku anayi, mukuti mlungu uno wawonongeka kale, ndiyamba Lolemba. Lolemba kwagwa mvula. Mukuti ndiyamba pa 1. Pa 1 pagwera Lachinayi, ndani amayamba chinthu Lachinayi? Mukadzazindikira papita miyezi itatu, ndipo tsopano mukuchita manyazi ngakhale kuziona nsapato zija, mwazikankhira kunsi kwa bedi. Ine zinandichitikira chaka choyamba, bambo anga aang'ono atamwalira mu Epulo. Ndinadzayambanso mu Ogasiti, BP itabwerera pomwe inali.

Kuchokera pamenepo ndinadziikira malamulo anayi, ndipo ndi amene andisunga.

Loyamba: tsiku lobwerera ndi mawa, kaya ndi Lachinayi, kaya ndi pa 27. Lolemba lilibe mankhwala.

Lamulo lachiwiri: ngongole ya mafizo kulibe. Masiku omwe mwaphonya apita, musawabweze. Munthu amene waphonya mlungu nkufuna kuyenda maola atatu Loweruka kuti alipire, amadzipweteka, nkuphonyanso milungu iwiri. Bwererani ndi theka la zomwe munkachita. Ngati munkachita maraundi atatu, chitani imodzi kapena ziwiri. Ngati munkatsikira masiteji atatu, tsikirani imodzi. Mudzadabwa kuti pakatha mlungu kapena iwiri thupi lakumbuka, chifukwa kubwerera kumafulumira kuposa kuyamba. Koma ngati chomwe chinakudukizani ndi matenda, malungo kapena chimfine chotentha thupi, dikirani kutentha kuthe, mankhwala mumalize, mphamvu zibwerere, ndipo muyambe ndi kuyenda kokha.

Lamulo lachitatu, lomwe ndimalikonda kwambiri: khalani ndi kamlingo ka tsiku loipa. Sankhani kanthu kakang'ono kwambiri koti simungakanike ngakhale zitavuta motani. Kanga ndi kukhala ndi kudzuka ka 10 ndi mapushapu 10 pakhoma. Sizikwana mphindi ziwiri. Ndazichitapo kuseri kwa nyumba ya siwa anthu asanadzuke, ndazichitapo m'khonde la chipatala usiku ndikudikirira mwana. Sikuti mphindi ziwirizo zimalimbitsa thupi kwenikweni. Ntchito yake ndi yakuti mawa musadzuke ngati munthu amene anasiya. Ulusi ukhale wosaduka, ngakhale utawonda chotani. Ndipo kawirikawiri ukangoyamba khumiwo, umapezeka wachita raundi yonse. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda nkulumpha.

Lamulo lachinayi: zomwe mukudziwa kuti zikubwera, zikonzereni zisanafike. Dzinja silibwera mozemba. Novembala akamatha ndimakhala nditaika ambulera yaing'ono ndi jumbo ya nsapato m'chikwama, ndipo ndimadziwa kale kuti tsiku la mvula yamphamvu ndikwera ndi kutsika masitepe a kuntchito kwa mphindi 10 nthawi ya nkhomaliro, madzulo nkulumpha chingwe pakhonde. Ulendo wa kumudzi ndimadziwa kuti ndikadzipereka kukatunga madzi kapena kuwaza nkhuni, zomwe zimakondweretsanso eni mudzi. Mukasiya kuti mudzaganize tsiku lomwelo, bulangete lidzakuganizirani.

Pakhoma la kuchipinda kwathu pali kalendala ya kutchalitchi. Tsiku lomwe ndachita zonse ndimalemba mtanda, tsiku la kamlingo kaja ndimaika kadontho. Sindiwerenga mitanda yotsatizana, chifukwa kuwerenga kotero kumapweteka mtima tsiku lomwe mzere waduka, munthu nkutaya zonse. Ndimangoyang'ana kuti pasakhale mabokosi awiri oyandikana opanda kanthu. Limodzi ndi ngozi. Awiri ndi chiyambi cha khalidwe lina.

Mnzanu woyenda naye amathandiza pano kuposa pena paliponse, koma musankhe bwino. Osati amene mukaphonya akuchititsani manyazi pagulu la WhatsApp, chifukwa mudzayamba kumuthawa iyeyo pamodzi ndi mafizo omwe. Mukufuna uja amangolemba kuti, "Mawa 5:30 ndikudutsa," osafunsa komwe munali. Koma mafizo anu asadalire iye yekha. Anzanga awiri omwe ndinayamba nawo, wina anasamutsidwira ku Mzuzu, wina anagula galimoto.

8. Mbale ndi botolo

Sindikuuzani kuti musiye nsima, inenso sindinasiye. Koma mphindi 30 zoyenda sizingafafanize chilichonse chomwe chalowa pakamwa. Msampha wake ndi wodzilipira: wayenda, wamva njala, wafikira pa chiwaya cha chipisi ndi botolo lozizira. Botolo la 300ml la zakumwa zotsekemera zija limakhala ndi shuga wokwana timasupuni 7 kapena 8. Sinthani zinthu ziwiri zokha poyamba. Chotsani mtanda umodzi wa nsima, malo ake adzaze masamba, kaya ndi bonongwe, chisoso, nkhwani kapena mpiru. Ndipo chotsani mchere patebulo. WHO imati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, kuwerengera ndi wa m'ndiwo momwe. Za kanyenya ndi mowa wa Lachisanu mukudziwa nokha.

9. Muziyeza ndi chingwe, osati sikelo yokha

Sikelo imanyenga miyezi yoyamba. Mutha kuyenda milungu isanu nambala osasuntha, mtima nkugwa, chonsecho BP yatsika, tulo tabwera, ndipo chitunda cha kwanu mukuchikwera osaima. Tengani chingwe, chiyezeni kutalika kwanu kuchokera kuphazi kufika pamutu, chiduleni, nkuchipinda pakati. Chopindacho chizungulize m'mimba cha pamchombo mutatulutsa mpweya, osakoka mimba m'kati. Nsonga zikakumana, muli pabwino. Zikapanda kukumana, mpata wotsalawo ndiwo muziuyang'ana kamodzi pamwezi. BP kayezetseninso pakatha miyezi iwiri kapena itatu, manambalawo muzilemba m'buku lanu la kuchipatala.

Changa chingwe chinatsala zala zinayi kuti chikumane pomwe ndinkayamba. Pano chatsala chala chimodzi, ndipo chakhala pamenepo chaka chathunthu. Chimakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo mwana wanga wamng'ono wachitengapo kawiri kukamangira galimoto yake ya mawaya, ndiye mukadula chanu, dulani ziwiri.